Akuti mwana wanga nsagwada ya m'mwamba ndi yopapatiza, akufuna amuike kachitsulo mkamwa. Alipo anadutsamo?

Make_Awiri_Leeds:

Moni nonse abale, pepani ndilemba zambiri koma nkhaniyi yandisowetsa tulo. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 8, tinapita naye kwa dokotala wa mano kungokamuonetsa basi sanali kudwala, nde dokotalayo anamuuza kuti alume mano pang'onopang'ono nkundiitana kuti ndione. Akamatseka pakamwa chibwano chimathawira kumanzere, ndipo mbali imeneyoyo mano a m'mwamba akumbuyo amagwera mkati mwa a m'munsi m'malo moti awavindikire kunja ngati chivindikiro pa poto. Anatitumiza kwa orthodontist, uja wa ma braces, ndipo iyeyo akuti ndi crossbite, nsagwada ya m'mwamba ndi yopapatiza, akufuna amuike kachitsulo kotchedwa quad helix komata ku mano akumbuyo kuti kazikankha.

Bambo ake akukana, akuti amva kuti zimenezi zimang'amba fupa la mkamwa. Apongozi anga kumudzi pa WhatsApp akuti musamuvutitse mwana, mano aubwana akadzaguluka zidzakhala bwino zokha. Kwinaku pa TikTok anthu akuchemerera kuti expander, chitsulo chotambasula nsagwadacho, imathetsa mkonono, mwana amapuma bwino, mpaka kukodza pogona ati kumatha, ndipo wangayu mkonono amaliza ndithu usiku ngati munthu wamkulu. Nde ndili pakati. Zoona zimang'amba fupa? Kafukufuku weniweni alipo kapena ndi bizinesi chabe? Tikadikira mpaka zaka 12 pali vuto?

Bambo_a_ku_Joni:

Mayi musaope, ife tadutsamo. Mnyamata wanga anamuika ali ndi zaka 12 koma yake sinali ngati mukunenayo, inali Hyrax, ili ndi ka screw pakati ndipo amakupatsani kakiyi kuti muzipotokola nokha kunyumba. Ineyo ndi amene ndinkapotokola madzulo aliwonse akagona chagada pa sofa, tochi ya foni ili kukamwa kwanga, kwa masabata atatu. Masiku atatu oyamba anadandaula kuti akumva kukanikiza pamphuno ndi m'masaya, tinamupatsa Panado, malovu ankangotuluka, kulankhula ngati ali ndi mbatata yotentha mkamwa. Itatha sabata anazolowera.

Chimene chinatidzidzimutsa ndi mpata. Mano awiri akutsogolowa anatalikana mpaka gapu yooneka ndithu, mayi ake analira kuti tamuonongera mwana, pomwe azakhali ake ataona chithunzi anati wakongola ngati agogo ake. Dokotala anali atatiuza kale kuti mpatawo ndiye chizindikiro choti zikuyenda ndipo unatsekeka wokha pasanathe miyezi iwiri. Chitsulocho anakhala nacho miyezi 6 osachipotokolanso. Ndalama zokha ndiye zinapita, medical aid inangolipira mbali. Komanso mkonono anasiya, zimenezi ndinaziona ndi maso anga.

Dotolo_wa_Mano:

Achemwali, ine ndine dokotala wa mano wamba osati orthodontist, ndipo mwana sindinamuone, nde zomwe ndilembe pano musazitenge ngati zoposa za amene anamuyeza. Koma kafukufuku pa nkhaniyi alipo, ndipo funso lanuli ndi limodzi mwa mafunso ochepa mu orthodontics amene anayesedwa bwino.

Tiyambe ndi mantha a bambo a kunyumba. Kudenga kwa mkamwa si fupa limodzi ayi, ndi mafupa awiri, lakumanja ndi lakumanzere, okumana pakati pamsoko. Mukukumbukira liwombo la khanda mmene limakhalira lofewa kenako nkutsekeka mwana akamakula? Msoko wa mkamwawu ndi mtundu womwewo, kungoti umachedwa kulimba. Mayi wina wa ku Denmark, Birte Melsen, mu 1975 anaunika msokowu pa ma microscope mwa ana a misinkhu yosiyanasiyana, anapeza kuti mwa mwana wamng'ono ndi wosalala, akamakula umayamba kupindikapindika, pofika paunyamata mafupawo amalowana ngati zala za manja awiri zikapingana. Nde kwa mwana sikuthyola fupa, ndi kutambasula msoko womwe ukadali wofewa, thupi nkudzaza mpatawo ndi fupa latsopano. Nchifukwa chake mwana wa bambo aku Joni anakhala nacho miyezi 6 atasiya kupotokola, kudikira fupalo likhwime, mukachotsa msanga zimabwerera.

Si zachilendonso. Dokotala wina wa ku San Francisco, Emerson Angell, analemba za njirayi mu 1860 atayesa pa mtsikana wa zaka 14, anzake sanamukhulupirire poti nthawi imeneyo kunalibe X-ray yoti aonetse. Inadzabwereranso mwamphamvu mu 1961 ndi Andrew Haas ku America.

Koma zindikirani kuti zitsulozi ndi zosiyana. Ya Hyrax ija ndi yothamanga, kupotokola kamodzi ndi pafupifupi kota ya milimita, ena kamodzi ena kawiri patsiku, mphamvu yake ndi yayikulu nchifukwa chake mpata umatseguka kutsogolo. Quad helix ndi waya wopindidwa malo anayi ngati sipuling'i, mulibe kiyi, dokotala ndi amene amaikonza mukapita, imakankha mofatsa kwa miyezi. Ntchito yake yambiri ndi kukankhira mano kunja, msoko umatambasukako pang'ono mwa ana aang'ono ngati wanuyu. Nde bambo ake mukawauze kuti yomwe akufuna kumuika mwanayo ndi yofatsayo.

Tsono za kudikira. Ku Malmö ku Sweden, Sofia Petrén ndi Lars Bondemark mu 2008 anatenga ana 60 a msinkhu ngati wa mwana wanu, onse crossbite ya mbali imodzi, nkuwagawa mwamaere m'magulu anayi. Ena quad helix, ena pulasitiki yovula ndi kuvala yokhala ndi screw, ena anangowamata zoyera zija timamatira mano kuti kalumidwe kasinthe, ena sanawapange kalikonse anangowayang'anira. Patatha chaka a quad helix anachira onse. A pulasitiki yovula, mmodzi mwa atatu aliwonse sizinatheke, chifukwa chake nchodziwikiratu, mwana amavula nkuika m'thumba la yunifolomu. Zomata zija sizinathandize. Ndipo gulu longoyang'aniridwa lija palibe amene zinakonzeka zokha. Apa ndi pamene ndingasiyane ndi apongozi anu mwaulemu. Kwa mwana wa zaka 3 kapena 4 amene akadayamwa chala, akasiya nthawi zina zimakonzekadi zokha, koma pa zaka 8 mano akuluakulu akumbuyo anamera kale ndipo amera molakwika momwemo, amenewo saguluka.

A Cochrane, omwe ntchito yawo ndi kusonkhanitsa makafukufuku onse ogawa anthu mwamaere nkuona ngati akugwirizana, anaunikanso nkhaniyi mu 2021, makafukufuku 31, ana pafupifupi 1,400. Anati kwa ana a zaka 7 mpaka 11 quad helix ndi pulasitiki yovula zonse zikuposa kungokhala, ndipo quad helix ikuposa pulasitiki komanso imamaliza msanga. Kwa a zaka 12 mpaka 16 Hyrax ndi inzake yothamanga yotchedwa Haas sizikusiyana kwenikweni. Nde orthodontist wanuyo sanangolota, wasankha chomwe chili ndi umboni wamphamvu pa msinkhu umenewo.

Chomwe chimandikhudza ine kwambiri pa zomwe mwalemba ndi chibwano chothawira kumanzere. Mwana akutafuna ndi kukula chibwano chili pambali tsiku ndi tsiku, ndipo nkhawa ya madokotala ndi yoti chingakule chokhota, mano enanso nkumaperepeseka. Kunena zoona umboni woti mwana aliyense wosathandizidwa adzakhala ndi nkhope yokhota kapena kuwawa kwa nsagwada si wamphamvu ngati wa kuchira kwa crossbite, nde wina asakuopsezeni nazo. Kudikira mpaka 12 si ngozi, zimathekabe, mwaona kwa bambo aku Joni. Koma msoko ukamalimba mbali yayikulu ya kutambasukako imakhala mano kupendeka osati fupa, gulu la Baccetti, Franchi ndi McNamara linaonetsa zimenezi mu 2001 poyerekeza ana othandizidwa asanathe msinkhu ndi othandizidwa atadutsa. Akafika pa ukulu weniweni ndiye pamafunika tima screw tolowa m'fupa kapena opaleshoni.

Agogo_a_Area25:

Ana inu ndakumvani, koma ndifunseko ine wachikulire. Ndalera ana 6 ndi zidzukulu, onse amatafuna nzimbe ndi chimanga chokazinga bwinobwino, palibe ndi mmodzi yemwe anaikidwa chitsulo mkamwa. Kodi matendawa amangogwira ana akapita kunja? Ndipo a dokotala mwatchula Sweden, Denmark, America, nanga ana athu akuda anawayezapo? Pakamwa pa mzungu ndi pathu ndi pamodzi? Sindikutsutsa ayi mwana wanga wa ku Leeds, mwana ndi wako, koma thupi la mwana silofunika kuthamangira.

Dotolo_wa_Mano:

Agogo funso lanu ndi lenileni, musalichepetse. Makafukufuku ambiri oyesa zitsulozi anachitikira ku Ulaya, ku Brazil ndi ku Turkey, kwathu kuno madokotala a mano ndi ochepa kwambiri ndipo tsiku limathera kuzula mano obooka ndi kuthandiza otupa masaya, maphunziro a digiri ya udokotala wa mano ku College of Medicine, yomwe pano ili mu KUHeS, anayamba mu 2019 mothandizana ndi University of Glasgow. Nde ana ambiri a crossbite kwathu palibe anawayang'ana mkamwa nkuwauza dzina la vutolo, amakula nalo, ambiri amadya bwinobwino monga mwaneneramo.

Komanso muli ndi mfundo, owerengera amapeza kuti crossbite yakumbuyo imachuluka mwa ana a ku Ulaya kusiyana ndi a mu Africa, ife zathu zimachuluka ndi mipata komanso mano akutsogolo osakumana. Zina ndi zakumtundu, koma zina ndi kaleredwe. Mwana woyamwa bere nthawi yayitali crossbite imamuchepera, pomwe woyamwa dummy kapena chala zaka zambiri lilime limakhala pansi, masaya nkumafinya nsagwada ya m'mwamba. Wopumira mkamwa nthawi zonse chimodzimodzi. Ana anu munawayamwitsa mpaka kuyenda, mwina munawateteza osadziwa. Koma msoko uja uli mwa mwana aliyense, wakuda ndi woyera, ndipo mwana amene vutolo ali nalo kale chitsulo chimagwira ntchito mofanana.

Make_Awiri_Leeds:

Zikomo kwambiri a dokotala, ndawawerengera bambo ake zonse, za liwombo zija ndi zomwe zawafika pamtima. Agogo zikomonso, zoona wangayu anayamwa dummy mpaka zaka 4 chifukwa ndinkagwira ma shift a usiku ndipo inali njira yokhayo yoti agone. Nanga za mkonono bwanji? Bambo aku Joni akuti wawo anasiya. Ndikanakonda zitathera limodzi chifukwa nthawi zina usiku amakhala ngati wasiya kupuma kenako nkudzidzimuka, m'mawa kudzuka ali wotopa, aphunzitsi akuti amasinza m'kalasi.

Nesi_wa_Ana_Mcr:

Asisi imani kaye pamenepo, zomwe mwalemba kumapetozi ndi nkhani ina ndipo ndi yofunika kuposa manowo. Mwana woliza mkonono usiku uliwonse, kumaima kupuma, kusinza masana, ameneyo apite kwa GP, dokotala wanu wa nthawi zonse, sabata ino amutumize kwa a ENT, a makutu, mphuno ndi pakhosi, akamuone ma tonsil ndi ma adenoid, tinyama ta kuseri kwa mphuno, mwinanso amuyeze kagonedwe usiku. Mujambuleni ka video pa foni akagona mukawaonetse, zimathandiza kwambiri. Mwa ana a msinkhu umenewu chomwe chimatseka mpweya kawirikawiri ndi ma tonsil ndi ma adenoid otupa, osati nsagwada. Chonde musadikire chitsulo kuti chithetse zimenezo.

Ndimagwira ku wodi ya ana ndipo makolo obwera ndi nkhani za pa TikTok ndawaona ambiri, zimandiwawa chifukwa ena amataya chaka chathunthu ndi ndalama zambiri mwana akuvutikabe usiku. Nkhani yoti expander imachiza kubanika kutulo inatchuka ndi kafukufuku wa ku Italy wa Paola Pirelli ndi Christian Guilleminault mu 2004, ana 31, ndipo zotsatira zinali zokongola zedi. Koma ana onsewo anaikidwa chitsulo, panalibe gulu longoyang'aniridwa loti tiyerekeze nalo. Mungafunse kuti nde vuto nchiyani poti anachira. Vuto ndi ili: ku America kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa CHAT, anatuluka mu 2013, ana 464 a zaka 5 mpaka 9 obanika kutulo, theka anawachotsa ma tonsil ndi ma adenoid, theka anangowayang'anira miyezi 7. Ochitidwa opaleshoni 79 pa 100 aliwonse kuyeza kwawo kwa tulo kunabwerera mwakale, koma ongoyang'aniridwa aja nawonso 46 pa 100 anakhala bwino okha popanda chilichonse. Pafupifupi theka! Ana amakula, njira ya mpweya imakula, ma adenoid amafota. Nde mukamuika mwana chitsulo nkudikira miyezi ingapo, ambiri apezeka ali bwino, koma simungadziwe kuti ndi chitsulo kapena ndi kukula.

Bambo aku Joni sindikukutsutsani kuti mwana wanu anasiya, ndikukhulupirira. Zoona expander yothamanga ija imakulitsako pansi pa mphuno chifukwa denga la mkamwa ndi lomwenso lili pansi pa mphuno, ndipo ana ena amapuma bwino pambuyo pake. Koma pa zaka 12 ndi nthawi yomwenso ma adenoid amakhala akuchepa okha. Ngakhale bungwe la ma orthodontist a ku America, omwe akanapindula kwambiri kunena kuti imachiza, mu 2019 analemba kuti chitsulochi chiikidwe ngati nsagwada ndi yopapatizadi, osati kungoti mwana akuliza mkonono kapena kuti titeteze asadzabanike mtsogolo, ndipo anati woyeza matenda a tulo ndi dokotala wa matupi osati wa mano.

Za kukodza pogona nazonso ndi choncho. Ku Sweden anachita zanzeru, mu 2020 anatulutsa kafukufuku yemwe ana ena anawaika chitsulo chenicheni ena chongofanizira chosatambasula, ndipo kusiyana kwake kunali kochepa moti sakanatha kunena motsimikiza kuti ndi chitsulocho chachititsa.

Bambo_a_ku_Joni:

Asisi a nesi ndamva, ine ndimangonena zomwe ndinaona kunyumba kwanga. Za zaka 12 zo sindinaziganizire. Koma ngati mwana chitsulocho akufunika kale chifukwa cha mano, kupuma kukabwera ngati basela palibe cholakwika eti?

Dotolo_wa_Mano:

Palibe cholakwika bambo, basela ndi basela, bola asakugulitseni baselayo ngati katundu weniweni. Ndikugwirizana ndi a nesi pa zonse, ndiwonjezere kuti quad helix yofatsayi si imene anagwiritsa ntchito pa makafukufuku a kupuma aja, nde achemwali musayembekezere zambiri kumbali imeneyo.

Ndipo poti ena akuwerenga mwakachetechete: pa intaneti pali ogulitsa zitsulo zotambasulira nsagwada kwa akuluakulu, ati nkhope ikongola, ati mupuma bwino. A FDA, bungwe la boma loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, anachenjeza mu 2023 atalandira madandaulo a anthu omwe mano anagwedera, nkhama kuthawa, fupa lozungulira mano kudyeka. Chifukwa chake ndi msoko womwe uja, mwa wamkulu unalimba kale, nde mphamvu yonse imathera pa mano nkuwakankhira kunja kwa fupa. Ngakhale mwa ana zovuta zing'onozing'ono zilipo, waya kusiya chidindo pa lilime, mphete zomata ku mano kusukusuka, nkhama kutupa ngati sakutsuka bwino, ndipo mwa ana ena crossbite imabwererako patapita zaka nkufunika kubwereza. Sichinthu choika mwana amene mano ake akulumana bwino kale.

Achemwali mukabwerera mukafunse kuti chibwanocho chikuthawa mamilimita angati, chitsulo akhala nacho miyezi ingati kuphatikiza yodikira, ndipo kodi adzafunikabe ma braces akadzakula, chifukwa nthawi zambiri chitsulochi chimakonza crossbite yokha, mano othinana akutsogolo ndi nkhani ya mtsogolo. Ku UK amagwiritsa ntchito muyeso wa kukula kwa vuto la mano wotchedwa IOTN, crossbite yothawitsa chibwano kupitirira mamilimita 2 imagwera mu giredi 4, ndipo imeneyo kwa mwana wosakwana zaka 18 NHS, bungwe la zaumoyo la boma, imalipira.

Make_Awiri_Leeds:

Abale ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Tinapita kwa GP ndi ka video kaja, atangomuyang'ana kukhosi anati ma tonsil ndi aakulu, atilembera kalata ya ku ENT tikudikira tsiku. Kwa orthodontist tinapita tonse ndi bambo ake, anafunsa okha mafunso mpaka anawaonetsa pa chibade cha pulasitiki pomwe pali msoko. Akuti chibwano chikuthawa kupitirira mamilimita 2 nde sitilipira, ndipo ananena yekha osafunsidwa kuti za mkonono tisadalire iye. Tavomera, amuika sukulu akatsekera kuti azolowere kulankhula ali kunyumba. Apongozi ndawauza kuti si opaleshoni ndipo sabaya, ati chabwino koma muzinditumizira zithunzi sabata iliyonse.

Funso lomaliza kwa bambo aku Joni, nsima amadya bwanji ndi chitsulocho? Wangayu tsiku silidutsa osadya nsima.

Bambo_a_ku_Joni:

Amadya mayi, koma sabata yoyamba muphikireni yofewa ndipo azitema timbamu ting'onoting'ono ndi msuzi wambiri, chifukwa imakanirira pakati pa chitsulo ndi denga la mkamwa ndipo zimamunyansa mwana. Therere ndi mazira zinatithandiza, masamba aataliatali ngati chibwabwa muziwadula kwambiri amakola pa waya. Chingamu, matofi, chimanga chokazinga ndi nzimbe aiwale kaye mpaka achotse. Mugule ka syringe kopanda singano ku pharmacy, akatha kudya muzimupopera madzi ofunda pamwamba pa chitsulopo, zonse zimatuluka, kenako mswachi. Kusukulu azitenga botolo la madzi azichukucha akatha kudya.